ZOMBA, LIKULU LAKALE LA PATSINDE PA PHIRI: ZOYENERA KUONA NDI ZOYENERA KUSUNGA

Munthu wochokera ku Blantyre, akangopitirira Namadzi ndi kufika pa Thondwe, amaona kutsogolo kwake phiri lalitali lotambalala ngati linga, ndipo patsinde pake, pakati pa mitengo, pali mzinda umene unali likulu la dziko lino kwa zaka 84, kuyambira m'chaka cha 1891 kufikira m'chaka cha 1975. Ulendowu ndi wa makilomita osakwana 70. Komabe n'chinthu chodabwitsa kuti anthu ambiri ogwira ntchito m'Boma, pamodzi ndi aphunzitsi, amafika ku Zomba kaamba ka ntchito yokha: ena kudzaona za mayeso a ana a sukulu, ena kudzatenga mapepala ku nyumba yosindikizira ya Boma, ena kudzazonda ana awo ku Yunivesite, ndipo ntchito ikatha amakwera basi tsiku lomwelo, osazindikira kuti apondamo m'misewu imene mbiri ya ulamuliro wa dziko lino inadutsamo.

Nkhani ino ifotokoza zimene mlendo wokhala ndi masiku awiri kapena atatu angaone mu mzindawu, pa phiri lake ndi m'madera ozungulira. Ifotokozanso chifukwa chake zinthu zimenezi zifunika kusamalidwa, popeza zina mwa izo zili pangozi yoti mbadwo ukudzawu udzangozimva m'nthano.

CHIYAMBI CHA MZINDA

Azungu asanafike, dziko la patsinde pa phirili linali la Amang'anja, amene ankalima, kusula zitsulo ndi kusodza pa nyanja ya Chilwa. David Livingstone ndi John Kirk anafika pa nyanjayi mu Epulo 1859. Cha m'nthawi yomweyo Ayao anayamba kulowa m'derali kuchokera kum'mawa, ndipo pambuyo pake kunadzanso Alomwe ochokera ku Mozambique. N'chifukwa chake pa msika wa Zomba munthu amamva Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe m'mawa umodzi, ndipo mzikiti ndi matchalitchi zili m'misewu yoyandikana.

Mzungu amene anayamba kukhazikika kuno ndi John Buchanan, mlimi wa ku Scotland amene anabwera ndi mishoni ya Blantyre m'chaka cha 1876. Atasiya ntchito ya mishoni m'chaka cha 1881, iye ndi abale ake anatsegula minda ya khofi ndi nzimbe m'mphepete mwa mtsinje wa Mulunguzi. Kazembe wa Angerezi, A. G. S. Hawes, atafuna malo okhala kumene akadatha kuyang'anira njira za ogulitsa akapolo zochokera kunyanja, anasankha Zomba, ndipo Buchanan ndiye anam'mangira nyumba m'chaka cha 1886.

Pamene Harry Johnston anafika m'chaka cha 1891 kudzakhazikitsa boma la Angerezi, anapeza nyumbayo ilipo kale, madzi abwino akutsika m'phiri chaka chonse, ndipo mphepo ili yozizira bwino. Chotero Zomba inakhala likulu, ngakhale kuti malonda onse anali ku Blantyre. Kuyambira pamenepo mizinda iwiriyi inagawana ntchito: Blantyre wa sitolo ndi makampani, Zomba wa Bwanamkubwa, akalaliki, amesenjala, apolisi ndi asilikali. Dzikoli linkatchedwa British Central Africa, ndipo m'chaka cha 1907 linatchedwa Nyasaland, kufikira pa 6 Julayi 1964 pamene linalandira ufulu wodzilamulira ndi dzina lakuti Malawi.

NYUMBA ZAKALE ZA BOMA

Mlendo ayambe ndi nyumba ya Hawes ija, imene ili pamtunda, m'dera la maofesi akale a Boma. Ndi imodzi mwa nyumba zakale kwambiri zimene zikadali chiimire m'dziko muno. Ili ndi nsanja ziwiri zosongoka, ndipo m'menemo ndi m'mene munachokera dzina lakuti Masongola. Johnston anakhalamo, ndipo Bwanamkubwa atasamukira ku nyumba yatsopano kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, nyumbayi inasanduka yogonamo alendo a Boma, kenaka hotela.

Nyumba yatsopano ija, imene inkatchedwa Government House, ndiyo tsopano State House ya ku Zomba. Mlendo wamba saloledwa kulowamo, ndiponso si bwino kuijambula popanda chilolezo. Koma mphunzitsi wodutsa pa chipata chake ndi ana a sukulu ali nazo zambiri zowauza. Bwanamkubwa Robert Armitage ankakhala m'menemo pamene analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 3 Malichi 1959, ndi kumanga atsogoleri a Nyasaland African Congress. M'menemonso ndi m'mene Dr. H. Kamuzu Banda anafikira pa 1 Epulo 1960, atatulutsidwa m'ndende ya Gwelo, kudzakumana ndi Iain Macleod, nduna ya ku London yoona za maiko olamulidwa ndi Angerezi. Bwanamkubwa wotsiriza, Glyn Jones, anakhalamo kufikira m'chaka cha 1966, pamene dziko linakhala ndi Pulezidenti wakewake.

Pafupi ndi Masongola pali Nyumba ya Malamulo yakale. Poiona kunja ndi yaing'ono, ndipo munthu wozolowera nyumba yaikulu ya ku Lilongwe, imene inatsegulidwa m'chaka cha 2010, akhoza kuipeputsa. Komatu bwalo la malamulo la dziko lino linakulira ku Zomba. Linayamba ndi Azungu okhaokha. Afirika oyamba analowamo m'chaka cha 1949 mochita kusankhidwa ndi Bwanamkubwa. Ndipo m'chaka cha 1956 munalowa aphungu asanu, a Chipembere, a Chiume, a Chinyama, a Kwenje ndi a Chijozi, amene mafunso awo otsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ankawerengedwa ndi akalaliki ndi aphunzitsi m'dziko lonse. Mu Seputembala 1964, patangopita miyezi iwiri dziko litalandira ufulu, aphungu anakambirana kuno za kusamvana kwa Dr. Banda ndi nduna zake, kusamvana kumene kunachititsa kuti ambiri athawire kunja. Ndipo m'chaka cha 1993, anthu atavota pa 14 Juni kuti akufuna zipani zambiri, lamulo la chipani chimodzi linafafanizidwira kunonso. Aphungu anachoka ku Zomba m'chaka cha 1994.

NKHOKWE YA MAKALATA A DZIKO

Kwa munthu wogwira ntchito m'Boma, palibe malo ophunzitsa kuposa National Archives of Malawi, nkhokwe ya makalata akale a dziko. Inakhazikitsidwa m'chaka cha 1947 monga nthambi ya nkhokwe ya maiko a pakati pa Afirika, ndipo inadziimira payokha m'chaka cha 1964. M'menemo muli mafayilo a maboma onse, malipoti a ma D.C., makalata a mafumu, mabuku a mamishoni, nyuzipepala zakale ndi zithunzi. Lamulo limanenanso kuti buku lililonse losindikizidwa m'dziko muno liyenera kusiyidwako.

Pali phunziro limodzi lowawa limene nkhokweyi imapereka. M'chaka cha 1919 moto unatentha maofesi aakulu a Boma ku Zomba, ndipo makalata ochuluka a zaka zoyambirira za ulamuliro wa Angerezi anapsa. Kufikira lero olemba mbiri amavutika kudzaza mpata umenewo, ndipo ena amachita kupita ku London kukafuna makope ake. Kalaliki amene amataya fayilo m'chipinda chodontha, kapena kuisiya kuti chiswe chidye, aganizire za moto wa 1919. Pepala limene lero lioneka lachabe ndilo lidzathetse mlandu wa malire a munda, kapena wa ufumu, kapena wa penshoni ya munthu, patapita zaka 50.

CHIKUMBUTSO CHA ASILIKALI NDI MAKOMA A NDENDE

Polowa mu mzinda kuchokera ku Blantyre, mlendo amaona nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi. Ichi ndi chikumbutso cha asilikali a King's African Rifles, kapena K.A.R., gulu limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1902. Pafupi pake pali Cobbe Barracks, dzina lochokera kwa Alexander Cobbe, msilikali amene anatsogolera amuna a dziko lino pa nkhondo ya ku Somaliland m'chaka chomwecho. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, asilikali a Nyasaland anamenyana ndi Majeremani ku Karonga ndi ku Tanganyika, ndipo amuna pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu. Ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda. Pa nkhondo yachiwiri ena anakafika ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Mwezi wa Novembala uliwonse dziko limakumbukira anthu amenewa, ndipo mwana wa sukulu amene waima pansi pa nsanjayi amamvetsa bwino chifukwa chake magule a malipenga ndi beni ali ndi mayendedwe a chisilikali.

Patsidya pa msewu pali ndende yaikulu ya Zomba, yomangidwa m'chaka cha 1935. Si malo okachezako, koma si malo oiwalanso. Orton Chirwa, amene anayambitsa nawo Malawi Congress Party ndi kukhala nduna ya zamalamulo, anafera m'menemo mu Okutobala 1992. Kunja kwa mzinda kuli ndende ya Mikuyu, kumene Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College ndi mlakatuli, anasungidwa popanda kuzengedwa mlandu kuyambira 1987 kufikira 1991. Mbiri ya likulu siyenera kukambidwa mbali yokoma yokha. Mwana wophunzitsidwa zoona zonse ndiye amadziwa mtengo wa ufulu umene ali nawo.

MUNDA WA MITENGO, YUNIVESITE NDI MSIKA

Kumunsi kwa Masongola, m'mphepete mwa Mulunguzi, kuli munda wa mitengo ndi maluwa umene unayambidwa m'nthawi ya Johnston ndi katswiri wa zomera Alexander Whyte, yemwe dzina lake lili m'dzina la sayansi la mkungudza wa ku Mulanje. Poyamba unali munda woyeseramo mbewu zachilendo, kuti aone zimene zingabereke m'nthaka ya kuno. Tsopano uli m'manja mwa National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi, bungwe limene limasunganso zomera zouma zosonkhanitsidwa m'dziko lonse. Mphunzitsi wa sayansi kapena wa zaulimi adzapeza kuti ola limodzi m'mundamu liposa sabata yathunthu ya pa bolodi.

Chancellor College inasamukira ku Chirunga kuchokera ku Chichiri m'chaka cha 1973, monga chopepesera mzinda umene unali pafupi kutaya ulikulu wake. Akuluakulu ambiri a m'Boma, oweruza milandu ndi aphunzitsi a sekondale anaphunzira kumeneko, ndipo ophunzira ake ndiwo anayamba kuyenda m'misewu mu Malichi 1992 kuvomereza kalata ya mabishopu a Katolika. Kuyambira m'chaka cha 2021 sukuluyi ndiyo imatchedwa University of Malawi payokha. Nayonso Zomba Catholic Secondary School, imene inatsegulidwa m'chaka cha 1942, ndi imodzi mwa sukulu za sekondale zoyamba m'dziko muno.

Msika wa Zomba ndi wotchuka chifukwa umalandira zokolola za maiko awiri osiyana: za kuphiri kozizira ndi za kuchigwa kotentha. Pamenepo pamapezeka mbatata ya kachewere, kabichi, mapichesi ndi magalagadeya, pambali pa mpunga, matemba ndi milamba ya ku Chilwa. Wofuna kumvetsa m'mene phiri limadyetsera mzinda ayende m'msikamu m'mawa, afunse ogulitsa kumene katundu wawo wachokera.

KUKWERA PHIRI

Phiri la Zomba lili ndi chidikha chachikulu pamwamba pake, ndipo nsonga yake yaitali koposa, Malumbe, ipitirira pang'ono mamita 2,080. Chigwa cha mtsinje wa Domasi ndicho chimalilekanitsa ndi phiri la Malosa kumpoto. Pali njira ziwiri zokwerera. Wa galimoto amatsata msewu wa tala wokhotakhota mpaka pa hotela ya Ku Chawe, imene inamangidwa pamphepete penipeni pa phompho. Wa miyendo yolimba amatsata njira ya mbatata, imene inatchedwa motero chifukwa alimi ankatsikira m'menemo atasenza mbatata kupita nayo kumsika. Njirayi ndi yotsetsereka, ndipo wosazolowera ayenera kupuma kangapo.

Pamwamba, mlendo amayamba waona damu la Mulunguzi, limene linamalizidwa cha m'ma 2000 ndipo ndilo limamwetsa mzinda wonse. Potsata mtsinje amafika pa mathithi a Mandala ndi a Williams, ndiponso pa maiwe amene Azungu ankaweteramo nsomba za m'madzi ozizira zotchedwa trout. M'nkhalango zachilengedwe zotsala m'makwawa muli anyani, nchima ndi mbalame zosowa, zimene akatswiri amachita kuchokera kutali kudzaziona. M'mphepete mwa msewu anyamata amagulitsa sitiroberi, mabulosi ndi miyala yonyezimira yokumbidwa m'mapiriwa.

Chakum'mawa kuli malo awiri oonerapo dziko. Queen's View inatchedwa motero pokumbukira ulendo wa mayi wa Mfumukazi Elizabeth m'chaka cha 1957, ndipo Emperor's View pokumbukira Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, imene inafikapo m'chaka cha 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, munthu woima pamenepo amaona mzinda wonse pansi pa mapazi ake, nyanja ya Chilwa ikung'anima, chigwa cha Phalombe, ndi phiri la Mulanje limene nsonga yake, Sapitwa, ndi ya mamita 3,002. Mapu a chigawo cha kum'mwera amene ana amajambula m'makope awo ali pamenepo poyera.

Chakumadzulo kuli Dzenje la Chingwe, phanga lolowa pansi lobisika m'mitengo. Akuluakulu amasimba kuti kale mafumu ankaponyamo adani awo, ena amati ankaponyamo akhate. Pafupi pake pali phompho loyang'ana chigwa cha Shire, ndipo ambiri amene afikapo amanena kuti malo amenewa aposa onse kukongola, makamaka dzuwa likamapendeka.

NAPOLO, MITENGO NDI MADZI

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Mu Disembala 1946 kunagwa mvula ya mainchesi pafupifupi 28 pa phiri la Zomba m'masiku awiri osakwana. Nthaka ndi miyala zinagumuka, mitsinje inasefukira, milatho inakokoloka, midzi inaonongeka ndipo anthu anafa. Eni dziko anati wadutsa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene chimasamuka kupita kunyanja. Ndipo Steve Chimombo, amene anaphunzitsa ku Chancellor College, anatenga dzina limeneli kukhala mutu wa ndakatulo zake. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anaonetsa chigawo cha kum'mwera zomwezo pamlingo waukulu, pamene anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Akale anati madzi saiwala khwawa.

Palibe munthu angaletse mvula yotere. Koma kuopsa kwake kumakula kapena kuchepa malinga ndi m'mene phiri lavalira. Mizu ya mitengo imagwira nthaka, ndipo masamba ogwa pansi amamwa madzi ndi kuwatulutsa pang'onopang'ono m'miyezi ya chilimwe. Phiri likakhala lambee, madzi amathamanga tsiku limodzi, atanyamula dothi limene limakadzaza m'damu, ndipo pofika Okutobala akasupe amaphwa.

Nkhalango ya phirili inaikidwa m'manja mwa Boma m'chaka cha 1913, ndipo pambuyo pake anadzalamo mitengo ya paini yochekera matabwa. Koma aliyense amene anakwera phirili zaka 30 zapitazo, akakweranso tsopano, amaona malo ambiri amene kunali mdima wa mitengo atasanduka zitsa ndi udzu. Zoononga zake n'zodziwika: kudula mitengo kosabwezeretsa, macheka a usiku, uvuni za makala, ndi moto wolusa wa m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala umene umapha mitengo yongodzalidwa kumene.

N'kosavuta kuloza chala mayi wotsika ndi mtolo wa nkhuni kapena mnyamata wokankha njinga ya makala. Koma anthu amenewa akufuna chakudya cha ana awo, ndipo m'dziko muno mabanja oposa 9 mwa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Funso loyenera ndi lakuti, kodi thumba la makala limathera pakhomo pa yani? Kawirikawiri limathera pakhomo pa munthu wolandira malipiro pa mwezi, ndiye kuti kalaliki, mphunzitsi, namwino kapena wapolisi. Chotero owerenga tsamba lino sali kunja kwa mlanduwu. Lamulo la nkhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2020, lilipo. Koma lamulo limagwira ntchito pokhapokha wolisunga akakana chiphuphu, ndipo wogula akafunsa kumene katundu wachokera.

KU CHILWA NDI KU DOMASI

Wofuna kuona mathero a madzi a m'phiri apite ku Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa kwa mzinda. Mulunguzi amathira mu Likangala, ndipo Likangala ndi Domasi, atathirira minda ya mpunga, amathira mu Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo madzi ake ndi amchere pang'ono. M'zaka za chilala imaphwa, monga zinachitikira m'chaka cha 1968, cha 1995 ndi cha 2018, pamene asodzi anasiya mabwato awo pamatope ouma. Inalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse lapansi, chifukwa cha mbalame zam'madzi zimene zina zimachokera ku Ulaya. Madzi akakhala okwanira, mlendo akhoza kukwera bwato kupita ku chilumba cha Chisi. Mwana amene waona damu pamwamba pa phiri dzulo, ndi kuona matemba pa Kachulu lero, sadzafunanso kuuzidwa kuti mtengo wodulidwa ku Chawe umachepetsa ndiwo m'mbale.

Ku Domasi, kumpoto kwa mzinda pa msewu wa ku Liwonde, ndi kwawo kwa aphunzitsi. Mishoni ya Church of Scotland inafikako m'zaka za m'ma 1880, ndipo m'chaka cha 1929 Boma linatsegula sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankapita ndi akazi awo kukaphunzira za sukulu, zaukhondo ndi zaulimi, kuti akakhale chitsanzo m'midzi. Lero kumeneko kuli Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education, kumene kumakonzedwa maphunziro a m'sukulu za dziko lino.

CHIFUKWA CHAKE LIKULU LINASAMUKA

Ena amafunsa kuti, ngati Zomba ndi wokongola chotere, Boma linachokeranji? Zifukwa zake zinali zomveka. Mzindawu uli pamalo otsetsereka, opanda bwalo lokwanira kumangapo maofesi ambiri; njanji sinafikeko; ndiponso chuma chonse cha dziko chinaunjikana kum'mwera, pamene chigawo cha pakati ndi cha kumpoto zinatsalira. Dr. Banda ankanena kuti maganizo osamutsa likulu anawapeza ali m'ndende ya Gwelo. Angerezi anakana kupereka ndalama za ntchitoyi, ndipo m'chaka cha 1968 boma la South Africa linabwereketsa ma randi 8 miliyoni. Lilongwe inakhala likulu m'chaka cha 1975.

Zomba sinafe. Inatsala ndi Yunivesite, bungwe la mayeso la MANEB, ofesi yowerengera anthu ya National Statistical Office, nthambi yofufuza za miyala, nthambi yofufuza za nkhalango, asilikali ndi chipatala chachikulu. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu oposa 105,000. Ndiponso kusamuka kwa likulu kunabweretsa mwayi umene palibe anauganizira: popeza panalibe chofulumiza kugwetsa nyumba zakale kuti pamangidwe zosanja, Zomba inasunga maonekedwe ake akale kuposa mzinda wina uliwonse m'dziko muno.

Koma mwayi umenewu sudzakhala mpaka kalekale. Nyumba ya njerwa zowotcha ya zaka 100 imafuna denga losadontha, mipopi yochotsa madzi a mvula ndi mankhwala a chiswe. Zambiri mwa nyumbazi zili m'manja mwa nthambi za Boma, ndipo kukonza lata limodzi chaka chino n'kotchipa kuposa kumanganso khoma zaka zisanu zikudzazo. Mkulu wa ofesi amene akhala m'nyumba yotere adziwe kuti wasungitsidwa chuma cha mtundu wonse, ndipo asanagwetse kapena kusintha kanthu afunse nthambi yoona za zinthu zakale.

MALANGIZO KWA APHUNZITSI

Nthawi yabwino yopita ndi ana a sukulu ndi kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene misewu ya pa phiri yauma ndipo utsi wa moto wa tchire sunaphimbe dziko. Komabe m'miyezi ya Juni ndi Julayi kumachita chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza yochokera ku mapiri a ku Mozambique. Chotero mwana aliyense atenge juzi ndi nsapato zolimba. Mphunzitsi alembere kalata akuluakulu a National Archives, a munda wa mitengo ndi a Yunivesite nthawi ikadalipo, kuti akapeze wowalandira.

Tsiku loyamba likhale la mu mzinda: chikumbutso cha asilikali, nyumba zakale, nkhokwe ya makalata, munda wa mitengo ndi msika. Tsiku lachiwiri likhale la pa phiri, kunyamuka m'mamawa ndi kutsika dzuwa lisanalowe. Pamwamba atenge munthu wodziwa njira mwa anyamata operekeza alendo, chifukwa nkhungu ikatsika njira zonse zimafanana, ndipo safunsa anadya phula. Ndalama yolipira woperekeza ndi imodzi mwa njira zimene phiri lingadyetsere anthu popanda nkhwangwa. Ana awerengedwe ponyamuka ndi pobwerera, asayandikire kumphepete kwa maphompho, asasambe m'damu la madzi akumwa, asayatse moto, ndipo zinyalala zawo atsike nazo. Tsiku lachitatu, ngati thumba lilola, likhale la ku Kachulu kapena ku Domasi.

Pobwerera kusukulu, mphunzitsi awapatse ana ntchito yolemba zimene aona, ndi kujambula njira ya madzi kuchokera ku Mulunguzi kukafika ku Chilwa. Ndipo nyengo yodzala mitengo ikafika, mu Disembala, sukuluyo idzale yakeyake ndi kuisamalira kufikira itakula, popeza kudzala n'kosavuta, koma kulimira ndi kuteteza ku moto ndiyo ntchito.

Anthu amene anasenza njerwa za Masongola m'chaka cha 1886, amtengatenga a nkhondo ya 1914, ndi aphungu a 1956 anachita mbali yawo, ndipo zizindikiro zawo zikuonekabe. Chimene mlendo wa zaka 50 zikudzazo adzapeze ku Zomba, kaya nkhalango ndi madzi kapena zitsa ndi makwawa ouma, chidzachokera pa zimene ogwira ntchito m'Boma ndi aphunzitsi a lero achite m'maofesi, m'makalasi ndi m'makhitchini mwawo.